M'mene Ndinagulitsira Nyimbo ya Adadi

Nyumba imene tinkachita lendi ku South Bend inali ndi chipinda chapansi, chimene tonse tinkangochitchula kuti besimenti, ndipo fungo lake silinandichokebe m'mphuno. Munkamveka chinyontho cha simenti, sopo wochapira ndi mpweya wofunda wa m'makina oumitsira zovala. Loweruka masana kunkawonjezeka fungo la mandasi ndi la mafuta odzola a azimayi, chifukwa m'menemo ndi momwe kwaya ya Amalawi a m'tauni mwathu inkaphunzirira nyimbo. Akakwana onse ankakhala anthu khumi ndi anayi, koma kukwana kwake kunali kwa apo ndi apo. Wina ankakhala ali pa shifiti, wina wangoweruka kumene ndipo akusinza pa mpando wopinda, yunifomu ya kuchipatala ili m'thupi. Kazenera kakang'ono ka m'mwamba kankaonetsa matayala a magalimoto ndi masamba ofiira amene mphepo inkawaunjika pagalasi.

Mphunzitsi wa kwayayo anali adadi. Pakati pa sabata ankagwira ntchito kunyumba yosamalira nkhalamba, kusambitsa ndi kutembenuza azungu okalamba amene ena mwa iwo sankakumbuka ngakhale maina a ana awo. Akabwera kunyumba anali munthu wa mawu ochepa, wodya mwakachetechete, woti ukawafunsa funso ankayamba atafuna kaye. Koma akaima pa kiyibodi yawo yakale ija ankasanduka munthu wina. Ankaponda pansi, kukweza nsidze, kuloza chala amene waphonya, mpaka kuseka chikhakhali. Pakhoma, pamwamba pa kiyibodiyo, panali chithunzi chofwifwa cha mnyamata wa tsitsi lalikulu, buluku lotambalala kumapazi, gitala ili pachifuwa. Ndinkadziwa kuti amenewo ndi bambo aakulu Yohane, achimwene awo a adadi, ndiponso kuti anamwalira ine ndisanabadwe. Kupitirira pamenepo palibe ankanena kanthu.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili mu giredi sikisi. Mwezi wa Okutobala uliwonse Amalawi a m'Indiana ankasonkhana ku Indianapolis kukapemphera pamodzi, ndipo mwambo unali woti kwaya ya tauni iliyonse ibwere ndi nyimbo imodzi yatsopano. Akuluakulu ankati si mpikisano, ndi kutamanda Mulungu basi. Bodza lenileni. Anthu a ku Indianapolis anali ambiri, ali ndi madokotala ndi aphunzitsi a kuyunivesite, ndipo ife a kumpoto ankatiyang'ana ngati achibale a kumudzi obwera ndi nkhuku m'manja. Chaka chilichonse tinkabwerako titaomberedwa m'manja mwaulemu, kenako n'kuiwalika.

Koma chaka chimenecho adadi anatulutsa nyimbo imene anakhala nayo m'mtima zaka zambiri. Ine ndinakula ndikuimva. Ankaing'ung'udza akamatsuka mbale, akamakolopa chipale pagalimoto, akamadikira magetsi a pamsewu. Inkayamba ndi manoti asanu ndi imodzi otsika pang'onopang'ono, ngati munthu wotsika masitepe atasenza katundu, kenako mawu onse n'kulowa pamodzi: "Mpando wanu ulipo, sitinaupereke kwa wina." Tsiku loyamba kuiphunzira, Anti Esinati, mayi wa mawu amphamvu amene ankasoka mayunifomu a kwaya, anasiya kuimba pakati n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anati nyimbo imeneyi ikabweza ngakhale munthu amene anasiya kupemphera kalekale. Adadi anangoti tiyambirenso. Ine ndinali pa masitepe, mndasi uli m'manja, ndipo ndinkadziwa kuti palibe bambo wina m'Indiana monse wopeka nyimbo ngati wanga.

Kusukulu ndinali nditangolowa bandi, ndikuphunzira kalarineti, chitoliro chakuda chija chimene chimalira ngati bakha ukachiuzira molakwa. Aphunzitsi athu anali a Kowalski, mzungu wamtali wadazi, wonunkhira khofi nthawi zonse. Chapakati pa Seputembala anatigawira mapepala a nyimbo imene tinkayenera kukaimba kumapeto kwa Okutobala, tsiku limene ana a bandi yathu ankaloledwa kukhala pamodzi ndi a kusekondale pa mpira wa ku America uja wogwira ndi manja. Anakweza kamtengo kawo, malipenga analira mosokonekera, ng'oma inalowa mochedwa. Ngakhale m'chipwirikiti chimenecho ndinawamva. Manoti asanu ndi imodzi, otsika imodziimodzi. Ndinachotsa chitoliro pakamwa, thupi lonse litachita tsembwe.

Azungu aba nyimbo ya adadi. Ganizo lina silinandibwerere n'komwe. Ndinayamba kufufuza wakubayo ndili pampando pomwepo, ndipo ndinamupeza msanga: bambo wina amene anabwera kudzakonza makina oumitsira zovala mwezi wapitawo, wa chipewa chamafuta, amene anakhala m'besimenti nthawi yaitali mokayikitsa. Anaimva, anaijambula pa foni, anakaigulitsa, ndipo tsopano yasindikizidwa pa pepala dzina la adadi palibe. Mtima unandipsa mpaka m'makutu. Anthu awa, amene adadi ankawasambitsira makolo awo, analibe manyazi mpaka kulowa m'nyumba mwathu kudzatola ngakhale nyimbo!

Belu litalira anzanga anatuluka, ine ndinatsala. Ndinaima patsogolo pa a Kowalski, chitoliro ndachigwira ngati chibonga, n'kuwauza m'Chingerezi kuti nyimbo imeneyi ndi ya bambo anga, ndipo ngati akufuna kuiimba ayambe apempha. Ndimawathokozabe mpaka lero kuti sanaseke. Anandifunsa kuti bambo anga amaiimba bwanji, ine n'kuwaimbira mzere woyamba. Kenako analowa m'kaofesi kawo n'kutulukamo ndi chimbale chakale chakuda, chachikulu ngati mbale yodyera, chili m'chikwama cha pepala chothetheka m'mbali. Pachikutopo panali anyamata anayi a tsitsi lofika m'mapewa, ataima pakhonde la nyumba yamatabwa.

Anandifotokozera mofatsa, monga munthu wokonda chinthu chimene akunena. Anati woimba wa gululo, wachiwiri kuchokera kumanzere, anapeka nyimboyo m'khitchini mwa amayi ake. Mkulu wake anali atakangana ndi bambo awo n'kuchoka panyumba, ndipo anakafera kutali asanayanjane. Amayiwo sanasiye kumuikira mbale ndi mpando pa tebulo, ndipo nyimboyo inali kunena za mpando umenewo. Poyamba anaijambula yozizira, gitala imodzi ndi mawu, ndipo anthu sanailabadire. Inadzatchuka pambuyo pake, ataiimba mothamanga pamaso pa chikhamu, ng'oma zikugunda, ndipo mawailesi anatenga imeneyo n'kuimwaza dziko lonse. Kenako inalowa m'mabwalo a mpira, kumene anthu anataya ndime zonse n'kutsala ndi kolasi yokha yokuwa timu yawo ikagoletsa. Potsiriza kampani ina inaigula n'kuiika pa kanema wotsatsa mowa. Apa a Kowalski anapukusa mutu. Anati mwa anthu onse amene adzakuwe tsiku la mpira, mwina palibe ndi mmodzi yemwe akudziwa kuti akuimba nyimbo ya maliro.

Zonsezi ndinazimva ndi khutu limodzi. Maso anga anali pa chaka cholembedwa kuseri kwa chikutocho, ndipo ndinali kuwerengera ndi zala pansi pa desiki. Nthawi imene chimbalecho chinkatuluka, adadi anali asanayambe n'komwe sukulu. Ndinatuluka m'kalasimo osatsanzika, nkhope ikutentha ngati ndaiyandikiza pa chitofu.

Mkwiyo suchedwa kupeza nyumba ina. Pofika madzulo unali utasamuka kwa bambo wa chipewa chamafuta uja n'kukakhala pa adadi. Ndinkawayang'ana akudya, akutafuna mofatsa ngati munthu wosalakwa, ndipo ndinkati mumtima: wakuba ndi uyu. Anandisiya ndikadzichititse manyazi pamaso pa mzungu. Ankalandira mayamiko a Anti Esinati osanena kuti nyimboyo anaitola. Loweruka lotsatira ndinakhala pa masitepe milomo ili yotseka, mandasi osawakhudza. Kuwafunsa sindikanatha. Ndinabadwira ku America, ndinkayankha m'Chingerezi akandilankhula m'Chichewa, koma ngakhale ine ndinkadziwa kuti mwana sayang'ana bambo ake m'maso n'kuwafunsa ngati anaba.

Ndiye ndinakauza Chisomo. Anali mnzanga wa ku Indianapolis, wamkulu kwa ine ndi chaka chimodzi, ndipo tinkalemberana pa foni ya amayi ndikamaliza homuweki. Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Kuti akhulupirire, ndinamutumizira kanema wa mowa uja: anyamata osavala malaya akudumphira m'dziwe, atsikana a zovala zosafika pena paliponse, mabotolo akugundana, ndipo pamwamba pa zonsezo manoti asanu ndi imodzi a adadi. Chimene sindinachiganizire, kapena ndinachiganizira koma mkwiyo unandiphimba m'maso, n'chakuti bambo ake a Chisomo anali a Gondwe, tcheya wa komiti yokonza msonkhano. Panali patatsala masabata awiri.

Masabata awiri amenewo ndimawawerengabe. A Gondwe anali ndi nambala ya adadi. Anali ndi nambala ya amayi. Anaimba foni kawiri konse m'masiku amenewo, kufunsa za mipando ndi za amene abweretse zakumwa. Akanatha kunena mawu amodzi, kuti a Mwale, nyimbo yanu ija ili ndi vuto, konzani ina. Sananene. Anatisiya tiphunzire, Anti Esinati asoke madiresi asanu ndi atatu a nsalu imodzi mpaka zala kutupa, anthu asinthanitse mashifiti kuti Loweruka limenelo akhale omasuka.

Tinanyamuka m'mawa, magalimoto atatu otsatizana, kutsika ndi msewu wa 31. Mbali zonse ziwiri kunali minda ya chimanga chouma, chotuwa, chosatha, ndipo makina akuluakulu okolola ankatulutsa fumbi lokwera ngati utsi. M'galimoto munkanunkhira nkhuku yokazinga imene amayi anaiika kumbuyo m'mabeseni okutidwa. Adadi anali atavala shati yoyera yositidwa mpaka kuuma, ndipo njira yonse ankagogoda chiwongolero ndi chala. Sindinawaonepo osangalala chotero. Ine ndinali kumbuyo, mutu uli pagalasi, ndikudziuza kuti Chisomo analumbira.

Msonkhano unali ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, m'tchalitchi cha azungu chimene komiti inabwereka, pafupi ndi nyumba zanjerwa zofiira zimene kale munkakhala asilikali. Mkatimo munali kapeti yofewa ndi fungo la khofi wakale, koma pofika ife Amalawi anali atadzazamo kale ndi mafuta onunkhira, ana othamanga ndi moni wosatha. A Gondwe anatichingamira pakhomo, suti yabuluu, mawu ofewa a munthu wozolowera kulangiza odwala ku famase kumene ankagwira ntchito. Anagwira dzanja la adadi ndi manja awiri.

"A Mwale, mwadiraiva bwino? Tikudikira zinthu zabwinotu lero."

Kwaya ya Indianapolis inaimba, ya ku Fort Wayne inaimba. Itakwana nthawi yathu anthu khumi ndi anayi onse anaimirira, kwa nthawi yoyamba atakwana, n'kukandanda kutsogolo. Adadi anali ataika kale zala pa kiyibodi pamene a Gondwe ananyamuka n'kutenga maiki.

"Abale, pepani, tisanapitirire. Komiti yarisiva ripoti lokhumudwitsa pang'ono. Nyimbo imene anzathu a ku South Bend akonzayi si yawo ayi. Taichekinga pa intaneti. Ndi nyimbo ya m'mabala, ndipo m'nyumba ya Mulungu sitingaialawe. Kuti musati ndikunama, tamverani nokha."

Anatulutsa foni n'kuigunditsa pa maiki. M'tchalitchi monse munamveka mabotolo akugundana, atsikana akukuwa, kenako manoti asanu ndi imodzi aja. Achinyamata a kumbuyo, amene ankaidziwa nyimboyo ku mpira, anaphulika kuseka, wina mpaka kuimba nawo kolasi amayi ake asanamutsine. Anti Esinati anagwira pakamwa. Azimayi a madiresi ofanana aja anayang'ana pansi onse pamodzi. A Gondwe anazimitsa foni, n'kutembenukira kwa adadi akumwetulira pang'ono.

"Ena a ife tinakulira ku Ndirande," anatero. "Tikudziwa kumene nyimbo zoterezi zimachokera, komanso kumene zimamufikitsa munthu."

Mawu amenewo sindinawamvetse, koma ndinaona amayi akugwira m'mphepete mwa benchi mpaka mitsempha kutuluka. Mkwiyo wanga unasamukanso, ulendo uno ndi katundu yense. Ndinaiwala kuti adadi ndi wakuba. Ndinkafuna aimirire bwinobwino, alande maikiyo, amuuze bambo wa suti yabuluuyo zakukhosi mpaka asowe poyang'ana. Ndinkawadziwa kuti mawu ali nawo, ndinkawamva Loweruka lililonse akudzudzula anthu aakulu ngati ana. Koma iwo anachotsa zala pa kiyibodi pang'onopang'ono n'kuziika kumbuyo.

"Tamva, a Tcheya. Zikomo."

Basi. Anatembenukira kwa kwaya yawo, anatchula nambala ya m'buku, ndipo anaimba nyimbo yakale imene aliyense amaidziwa, mpingo wonse n'kulowa nawo mokondwa kuti zovuta zadutsa. Mpaka lero ndikaiganiza ndimaseka mowawidwa. Nyimbo ya m'buku imeneyo, monga zinzake zambiri, maimbidwe ake anabwera pa sitima ndi azungu, ndipo agogo athu anangoikamo mawu a Chichewa. Makwaya a kwathu akhala akuchita zimenezo chiyambire: kumva nyimbo yokoma, kuitenga, kuiveka mawu ako n'kupita nayo kwa Mulungu. Palibe anafunsapo kuti mzungu amene anaiyamba ankamwa chiyani. Koma tsiku limenelo a Gondwe anaimba mokweza kuposa onse, maso ali otseka.

Nthawi ya chakudya Chisomo anandithawa, ankangozungulira kuseri kwa amayi ake. Anthu ankabwera kwa adadi mmodzimmodzi, kuwagwira paphewa ngati ofedwa, n'kupita kukaseka pakona. Sitinadikire mapemphero otsekera. Dzuwa likadali m'mwamba tinali kale pa msewu wa 31, mabeseni opanda kanthu akugwedera kumbuyo. Palibe anayatsa wailesi. Titadutsa tauni ya Kokomo ndinanena m'Chingerezi, mofulumira, kuti ndine ndinatumiza kanemayo.

"Ndikudziwa, Tadala," anatero adadi, maso ali pamsewu. "Amayi ake a Chisomo andiuza."

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo kukanakhala bwino. Kufatsa kwawoko kunandipsetsa mtima koposa. Ndinawafunsa, pafupifupi mokuwa, chifukwa chimene sanayankhire, chifukwa chimene anangoima ngati mwana wa sukulu munthu akuwanyoza pagulu. Iwo anangoti:

"Nyimbo ija anandiphunzitsa ndi achimwene anga."

"Tadala, basi," anatero amayi osatembenuka. Mumtima ndinagamula mlandu: adadi ndi amantha, ndipo yankho lawolo silikugwirizana ndi funso.

Loweruka lotsatira m'besimenti munali zii. Adadi anali atauza a kwaya kuti asankhe mphunzitsi wina. Anti Esinati anabwera okha, anakhala pabalaza jekete osavula, n'kuwachonderera kuti asadirope kwaya chifukwa cha munthu mmodzi wokonda kuoneka. Adadi anawathokoza, anawaperekeza mpaka pagalimoto, n'kubwerera kudzaphimba kiyibodi ndi nsalu yakale ya pabedi. Kung'ung'udza kuja kunatha. Ankatsuka mbale mwakachetechete, ndipo nyumba inkamveka ngati firiji yazima. Ine ndinakwiyira aliyense: a Gondwe, Chisomo, anyamata anayi a tsitsi lalitali, ngakhale a Kowalski chifukwa chosunga chimbale chawocho. Kalata yoitana makolo ku mpira ndinaipinda kanayi n'kuiponya m'bini ya kusukulu.

Tsiku la mpira linali Loweruka masana, kumapeto kwa Okutobala, mphepo yochokera kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Mitengo inali itatsala mbulanda. Pabwalo pankanunkhira mbuliwuli ndi udzu wonyowa, ndipo mabenchi achitsulo okwera m'mwamba aja ankazizira kudutsa buluku. Ife a giredi sikisi anatikhazika m'munsi, titavala majuzi ofanana otikulira. Ndikupukuta chitoliro changa, ndinakweza maso n'kuona jekete yabulauni imene ndinkaidziwa. Adadi anali pa benchi yachisanu, okhaokha pakati pa azungu ofunda mabulangete, buluku la yunifomu ya kuntchito likuonekera m'munsi. Amene anawauza sindikumudziwa mpaka lero. Ndinapemphera kuti timu yathu isagoletse.

Inagoletsa. A Kowalski anakweza kamtengo, ng'oma zinagunda, ndipo bwalo lonse linaimirira n'kuyamba kukuwa kolasi ija, kudumpha, mbuliwuli zikuuluka. Ndinkauzira chitoliro diso limodzi lili pa benchi yachisanu. Adadi anaimirira nawo. Anavula chipewa chawo chaubweya n'kuchigwira pachifuwa ndi manja awiri, mphepo yonse ija. Ndiye anayamba kuimba. Sankadumpha, sankayang'ana ku mpira. Ankaimba mawu awo a Chichewa, ndime yonse, ndi mawu aakulu a Loweruka aja, ndipo ndinkawamva bwinobwino kudutsa malipenga: mpando wanu ulipo, sitinaupereke kwa wina. Mayi wina anakokera mwana wake kufupi. Bambo wina wopaka utoto kumaso anawamenya pamsana mokondwa, poganiza kuti apeza wokonda timu mnzawo. Mtsikana wokhala pambali panga anandigunyuza n'kufunsa ngati amenewo ndi bambo anga. Chitoliro changa chinalira ngati bakha, ndipo ndinayankha kuti sindikuwadziwa.

Ndinakhala masiku atatu osawalankhula. Ndinkati pamene pankafunika mawu anakhala duu, ndipo pamene pankafunika kukhala chete ndi pamene anasankha kundichititsa manyazi pamaso pa sukulu yonse.

Nkhani yeniyeni ndinadzaimva ndili ku koleji, nditabwera kutchuthi, ine ndi amayi tikupinda zovala pansi pa chithunzi chija. Bambo aakulu Yohane ankaimba gitala m'mabala a ku Ndirande ndi ku Limbe. Nyimbo ija anaitola pa wailesi, ndipo anaiphunzitsa mng'ono wawo pa gitala ya chigubu cha mafuta, kuseri kwa nyumba, n'kumumasulira tanthauzo lake. Agogo aamuna, amene anali mkulu wa mpingo, anawathamangitsa panyumba chifukwa cha mabalawo. Bambo aakuluwo anamwalira chaka choyamba chimene adadi anafika ku America kudzaphunzira, ndipo mapepala sankawalola kupita n'kubwereranso. Mpingo unakana maliro awo. Anaikidwa popanda kwaya, popanda nyimbo ngakhale imodzi, anthu akungomva makasu. Adadi anamva zimenezi pa foni, ndipo anakhala zaka zonse zija akufuna chinthu chimodzi: kuti tsiku lina kwaya ya mpingo, yovala yunifomu, iimirire m'tchalitchi n'kuwaimbira achimwene awo. A Gondwe ankazidziwa zonsezi. Kwawo kunali kuseri kwa mpanda wa nyumba ya agogo, ndipo amayi anati pa unyamata wawo ankavina nawo m'mabala omwewo, bambo aakulu Yohane akuimba.

Kuti adadi ayankhe tsiku lija ku Lawrence, akanayenera kutchula dzina la mkulu wawo pamaso pa anthu amene anali akusekabe za mabotolo, ndiponso kufunsa kuti kanemayo anachokera kwa yani. Anasankha kunyozeka okha. A Gondwe sindinawakhululukire, ndipo sindikuyesanso n'komwe. Tikakumana ku maukwati ndimawapatsa moni wa pamwamba, iwo n'kumayamikira kuti ndinaleredwa bwino. Kamtsikana kamene kanatumiza kanema uja, ine ndemwe, ndiye ndimavutika nako kwambiri, makamaka ndikakumbuka zimene kanayankha mnzake pa benchi.

Masana aja ndinkaona bambo wochititsa manyazi, wosadziwa kuti ku mpira anthu amaimba bwanji. Lero ndimaona munthu ataima pa maliro a mkulu wake, chipewa chili m'manja, atachedwa zaka zambiri. Kwaya imene anapeza inali ya ana a majuzi owakulira, ophonya manoti, ndipo wa chitoliro cholira ngati bakha uja anali mwana wawo. Anaimba mpaka ndime yomaliza, anavala chipewa, n'kubwerera kuntchito.